Mizere Imene Amayi Ako Anandisiyira

Sesiliya mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe uli ku Mayani kukatsanzikana ndi azakhali ako. Ndakhala pakhonde pamene pakufika kadzuwa, chifukwa m'nyumba mukuzizira. Ukabwera uipeza pamwamba pa sutikesi yako. Uiwerenge usanasonkhe moto, usanandifunse ngati ndadya.

Dzulo unandiuza kuti, "Ababa, ndikhoza kuwalembera a ku Germany aja kuti ndidzapite chaka chamawa. Sukulu siithawa." Ndinadzuka n'kupita kudimba kukaona mbatata ya kachewere imene ndinali nditaiona kale m'mawa womwewo. Lero ndapeza kuti majuzi awiri amene unalongedza Lolemba wawatulutsa, wawabwezera pachingwe kuchipinda kwako. Ndiye yankho langa ndi ili, ngakhale lachedwa tsiku lathunthu: mawa ukwera minibasi yoyamba ya ku Lilongwe, ndipo ndege ija ukwera. Sukhala chifukwa cha ine. Ndikufuna umvetse chifukwa chake, ndipo njira imene ndikuidziwa ndi imodzi yokha, kukuonetsa malo amene ine ndinalakwitsa.

Mwezi watha unandiikira pafoni yako nyimbo za kumene ukupitako. Unandifotokozera kuti kalekale mumzinda wa Venice ku Italy oimba a m'tchalitchi ankawagawa magulu awiri kapena kuposerapo, ena pansanja ya uku, ena pansanja ya uko, n'kumayankhana, kenako n'kugwera pamodzi onse. Unati Ajeremani ankatumiza achinyamata awo kukaphunzira kaimbidwe kameneko, ndipo mmodzi mwa iwo, Mprotestanti wophunzitsidwa ndi Akatolika, atabwerera kwawo anaika masalimo m'chiyankhulo cha kwawo koma mwa njira yomweyo ya makwaya oyankhana. Unati zimenezo ndiye ukufuna ukaphunzire. Utandifunsa maganizo anga ndinangoti, "Zili bwino." Zoona zake n'zakuti mawu a nyimbo ija sindinamve ngakhale limodzi, koma ndinkadziwa pamene gulu lachiwiri lilowere lisanalowe, ndipo ndinadzipeza nditakoka mpweya. Ndinachita manyazi. Munthu amene wakhala chaka ndi miyezi osaimba, chifuwa chake n'kumakonzekabe chokha.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kuchedwa kulowa. Nditasiya sukulu ndili Fomu 2 ndinayamba kucheka matabwa m'phiri la Dedza, ndipo Loweruka lililonse ndinkatsika kudzaphunzira nyimbo m'tchalitchi chathu chaching'ono chija, chisanafoleredwe ndi malata. Malemu a Zuze, akatekisiti, ankaika amuna kudzanja lamanja, akazi kudzanja lamanzere, kanjira kali pakati. Akazi amayamba mzere, ife n'kuyankha. Anandipatsa kutsogolera amuna chifukwa cha kukula kwa mawu basi, osati nzeru. Mbali ya akazi ankatsogolera mtsikana wina wamfupi, Nabanda, amene iwe unadzamudziwa ngati amayi ako. Ine ndinkadikira kuti akazi amalize bwinobwino, mawu awo atheretu m'makutu mwanga, ndiye n'kuyamba. Pakati pa mzere wawo ndi wathu pankatsala kadzenje. Tsiku lina titatuluka Nabanda anandiimitsa pakhomo.

"Achimwene, kodi mumayamba mwapita kumunda n'kubwerako musanatiyankhe?"

"Ndimadikira mumalize," ndinatero. "Si ulemu umenewo?"

"Ulemu wanuwo ukutiboolera nyimbo. Mukadikira kumva kuti tamaliza, mwachedwa kale. Muziyang'ana mapewa anga. Akayamba kutsika, inu mukhale mutakoka kale mpweya."

"Ndiye ndiziyang'ana inu Misa yonse?"

"Mapewa okha," anatero, n'kumapita.

Ndinayang'ana mapewa okha kwa chaka chimodzi, kenako ndinatuma atsibweni anga kwawo. Chodabwitsa n'chakuti zimene anandiuzazo ndinkazidziwa kale kuntchito. Pocheka thabwa wina amakhala pamwamba pa chipika, wina pansi m'dzenje. Ukadikira kuti mnzako amalize kukoka ndiye iwe uyambe, macheka amaphatika. Manja anga ankadziwa, koma pakamwa panga ayi. Sesiliya, kumene ukupitako udzakhala mlendo, chiyankhulo chawo chikukuvutabe, ndipo mtima udzakuuza kuti dikira kaye, umve zonse, udzayankhule mawa. Umenewo ndi mtima wa bambo ako, usaumvere. Mphunzitsi akafunsa, koka mpweya. Anzako akakuitanira ku chakudya, pita tsiku lomwelo. Usadikire.

Kulakwitsa kwachiwiri ndinakuchita ndili wonyada. A Zuze atamwalira kwaya anandisiyira ine, iwe uli kumsana. Anatitumiza ku Lilongwe sabata imodzi kukaphunzira kuongolera nyimbo, ndipo ndinabwerako ndi kandodo, ndi mawu anayi achizungu a magulu a oimba, ndi mutu wotupa. Loweruka lotsatira ndinachotsa onse m'mbali mwawo n'kuwaunjika kutsogolo pafupi ndi guwa, mizere inayi, onse kuyang'ana ine. Zoyankhana ndinati n'zachimidzi. Tinkayamba limodzi, kumaliza limodzi, ndipo kunena zoona zinkamveka bwino. Patapita masabata angapo amayi ako anandiuza tikubwerera kunyumba.

"Kwaya yanu yakongola, bambo a Sesiliya."

"Mwaonatu."

"Ndaona. Mwaonanso kuti anthu ayamba kubwera kudzationerera?"

Ankanena zoona. Kale amayi onse a m'mabenchi ankagwera mbali ya akazi, abambo onse mbali yathu, moti tchalitchi chonse chinali kwaya. Tsopano anthu ankangopinda manja. Ine ndinaumirira zaka ziwiri. Chinandibweza ndi maliro a mkulu wina wa m'mudzi mwathu. Unali m'mawa, amayi ali m'nyumba ya siwa, ife amuna tili panja pamitengo. Amayi anayamba nyimbo m'katimo, amuna n'kuyankha kunja, khoma lili pakati, popanda kandodo, popanda woongolera, ndipo panalibe wochedwa ngakhale mmodzi. Loweruka lake ndinabwezera aliyense kumbali yake. Amayi ako anangopita kukaima pamalo awo akale ngati achokapo dzulo.

Ndiye utandiuza za Ajeremani oyenda ulendo wautali kukaphunzira kugawa kwaya pawiri, ndinaseka chamumtima, chifukwa ine ndinayenda ulendo wa basi imodzi kukaphunzira kuiunjika. Sindikunena kuti zathu ndi zawo n'zofanana. Pafoni paja ndinamva mawu ambiri olukana m'njira imene ife sitinaifikepo, ndipo zawozo n'zolembedwa, munthu angathe kuziimba patapita mibadwo. Ukaphunzire zonsezo modzichepetsa, kuwerenga kwake, kulemba kwake, kagwiritsidwe ka dzanja. Koma ukumbukire mnyamata unandiuza uja. Anatenga njira ya eni ake, koma mawu anaikamo a kwawo, oti amayi ake akhoza kuwamva. Iwenso ukadzabwerako, usanasunthe benchi ngakhale limodzi, udzakhale kumbuyo Malamlungu atatu ukumvetsera. Ndipo akakakufunsa ngati kwanu kuli zoterezi, usakayang'ane pansi. Ukawauze za nyumba ya siwa.

Kulakwitsa kwachitatu ukukukumbukira pang'ono, unali mu Sitandade 4. Inali Misa yaikulu ya pabwalo kuparishi, mwezi wa Julaye, makwaya ambiri atasonkhana. Itafika nthawi yathu ndinafuna kuonetsa. Amuna ndinawaika kuchulu, akazi kutali uko pansi pa mitengo ya paini, anthu onse ali pakati, kuti nyimbo iziwadutsa pamutu. Sindinawerengere mphepo, sindinawerengerenso kuti mawu amatenga kanthawi kuti adutse bwalo lalikulu. Mapewa a amayi ako sindinkawaona. Ife tinkamva akazi mochedwa n'kuyankha mochedwa, iwonso n'kumatimva mochedwa, ndipo nyimbo inayamba kukwawa mpaka inasanduka nyimbo ziwiri zosadziwana. Ana anayamba kuseka. Thukuta linandituluka m'chisanu chonse chija. Kenako ndinaona kanthu koyera kakukwera n'kutsika pansi pa mitengo. Amayi ako anali atavula mpango wawo kumutu, pamaso pa ansembe ndi anthu onse, n'kumaukupiza motsatira nyimbo. Tinasiya kukhulupirira makutu, tinayang'ana mpango, ndipo pofika ndime yachitatu tinali titapezana. Pobwerera anangoti, "Ulendo wina mukatiike ku Mozambique, kuti anthu aone bwino."

Germany ndi kutali kuposa mitengo ya paini ija. Mauthenga azidzachedwa. Udzalemba, ine osayankha masiku atatu chifukwa foni yatha moto, ndipo iwe udzayamba kuganiza kuti ndadwala kapena ndakwiya. Inenso ndidzatero. Tisadzakhulupirire makutu. Tipangane lero: Lamlungu lililonse Misa ikatha ndizikwera pachulu cha kuseri kwa nyumba pamene foni imagwira, ndipo iwe uzindiimbira foni. Kaya pali nkhani kaya palibe. Umenewo ndiye mpango wathu. Masiku enawo ndi ako, a sukulu, ndipo usawawononge ndi kundidera nkhawa.

Tsopano kulakwitsa kumene sindinauzepo munthu aliyense. Iwe unali kusukulu ku Zomba. Inali nyengo ya Lenti, tikukonzekera Pasaka. Ndinaona kuti mapewa a amayi ako ayamba kutsika msanga, mzere usanathe. Ndinali nditawayang'ana zaka zonse zija, sindikanalephera kuona. Mpweya unkawathera pakati. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinayamba kulowetsa amuna msanga, kuti titseke pamene iwo akulephera, anthu asazindikire. Sabata iliyonse ndinkalowa msanga pang'ono kuposa sabata yatha. Ndinkaganiza kuti ndikuwasamala. Tsiku lina akuchapa anandiuza kuti, "Mukundiphimba bwino masiku ano, bambo a Sesiliya." Ndinati, "Ndi chifuwa cha chisanu, chitha." Anangondiyang'ana. Mwina ankadikira kuti ndinene ine kuti tiyeni kuchipatala. Ndinati ithe Pasaka. Pasaka itatha ndinati tikolole kaye. Titapita, adokotala anatifunsa kuti zinayamba liti, ndipo amayi ako anayankha msanga kuti, "Posachedwapa," kuti ine ndisafunsidwe. Zotsatira zake unaziona wekha.

Sindikudziwa ngati akanachira tikanapita mu Lenti. Ndafunsa Mulungu, sanandiuze, ndipo ndasiya kufunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamene pankafunika kufulumira ndinachedwa, ndipo pamene pankafunika kusiya dzenje lionekere ndinalitseka. Sindikukuuza kuti undimvere chisoni, kapena kuti undiweruze, ngakhale ukatero sindikutsutsa. Ndikukuuza chifukwa zimene ndinawachitira amayi akozo, iwe ukundichitira ine.

Chiikireni maliro, iwe wakhala ukuimba mzere wanga. Unamaliza mayeso ako n'kubwera kudzakhala kuno. Alendo akafika umawalonjera ndiwe, ine n'kumangogwedeza mutu. A kwaya atabwera kudzafunsa kuti ndibwerera liti, unatuluka ndiwe n'kukawauza kuti ababa sakupeza bwino. Azakhali ako akandifunsa funso, umayankha ndisanatsegule pakamwa. Umalowa msanga, mwana wanga, mwaluso ngati mwana wa amayi ako, ndipo anthu sazindikira kuti mbali yanga ili zii. Ndikuthokoza. Miyezi yoyamba ija sindikudziwa ndikanatani popanda iwe. Koma ukakhala chaka china, ndidzakhala chete chaka china, ndipo chikadzatha udzapezanso chifukwa chokhalira, inenso ndidzakusiya chifukwa n'kosavuta. Tidzakalamba tonse awiri m'nyumba muno, wina akuphimba, wina akubisala. Ndinaona kumene kuphimba kumathera. Sindilola kachiwiri.

Ndikudziwa chimene ukuopa. Ukuopa kuti ndizidya kamodzi pa tsiku, kuti ndizivala malaya omwewo sabata yonse, kuti tsiku lina udzalandira uthenga uli kutali. Za chakudya, ndinkadziphikira ndekha m'phiri iwe usanabadwe, ndipo sindinafe. Za malaya, azakhali ako ali ndi pakamwa pokwanira. Za uthengawo sindingakulonjeze kanthu, palibe kholo lingalonjeze. Koma ndikulonjeza ichi: thupi langa likadzayamba kutsika pakati pa mzere, ndidzakuuza Lamlungu lomwelo, ndipo Lolemba lake ndidzakhala pamzere kuchipatala. Iwenso undilonjeze chimodzimodzi. Ukadwala, ukasowa mtendere, maphunziro akakukulira, usandiphimbire. Usanene kuti zili bwino. Mawu amenewo ndi anga, ndipo sanathandizepo munthu.

Pali china unandiuza tsiku lija chimene chakhala chikundibwerera ndikamalima. Unati mnyamata wa ku Germany uja atakula, kwawo kunagwa nkhondo ya zaka zambiri, oimba ake n'kumwazikana, ena kufa, moti makwaya oyankhana aja sakanathekanso. Unati sanasiye ntchito. Anayamba kulemba nyimbo za anthu ochepa, awiri kapena atatu, amene anatsalawo. Iwe unkandiuza ngati nkhani ya m'kalasi. Ine ndinkaona nyumba ino. Tinali mawu atatu, tatsala awiri, ndipo mawa mmodzi akhala kutsidya kwa nyanja. Sitingaimbe nyimbo ya atatu. Tikhoza kuimba ya awiri, bola aliyense aime mbali yake.

M'sutikesi mwako, pansi pa nsapato, ndaikamo kope la amayi ako lachikuto chobiriwira lija. Unaliona kambirimbiri koma sindikudziwa ngati unalitsegulapo. Muli nyimbo zimene anapeka okha za m'tchalitchi chathu. Ankalemba mizere ya akazi yokha, pansi pa mzere uliwonse n'kusiya malo opanda kanthu. Ndinawafunsapo kuti bwanji osalemba zonse, anati, "Kumeneko n'kwanu, ndilembe ine ngati mulibe manja?" Sindinalembe, chifukwa ndinkati zili m'mutu, ndipo nthawi ilipo. Lero, iwe utangonyamuka, ndakhala pansi n'kudzaza malo onse aja. Zolemba zanga n'zokhota, uzipirire. Pa nyimbo ziwiri ndinaiwala mawu, ndipo ndinayenera kuimba mzere wa amayi ako mokweza kuti wanga ubwere. Unabwera. Nkhuku zokha ndi zimene zamva.

Ife tikudziwa kulemba mawu okha. Kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kali m'mutu mwanga ndi mwako, ndi mwa amayi angapo amene akukalamba. Iwe ukukaphunzira kulemba zimenezo papepala, kwa anthu amene asunga nyimbo zoyankhana kwa mibadwo yambiri osataya. Ukadziwe ntchito imeneyo bwinobwino, kenako ulembe nyimbo za amayi ako, mbali zonse ziwiri. Pamene waiwala mbali ya amuna, undifunse Lamlungu, ndidzakuimbira ndili pachulu, odutsa aganize zimene angaganize. Ukakhala kuno, kopeli lingokhala m'sutikesi ya pansi pa bedi mpaka njenjete zilipeze. Ntchito imeneyi sindingaigwire ine, ndipo sungaigwire uli pakhomo pano ukundiphikira.

Nditamaliza kulemba m'kopemo ndinasamba n'kupita kwa mayi Gwaza, amene akuongolera kwaya tsopano. Ndinawapeza akuanika nyemba. Ndinawauza ndekha, ndi pakamwa panga, kuti Loweruka ndibwera ku maphunziro a nyimbo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana uja akudziwa kuti mwatuluka nokha?"

"Sakudziwa."

"Malo anu sitinaikepo munthu," anatero. "Tinangoikapo ng'oma. Tiichotsa."

Ndiye Lamlungu likubwerali, iwe ukadzuka m'dziko lachilendo, ine ndidzakhala nditaima kudzanja lamanja. Kutsidya kwa kanjira kudzakhala mapewa ena, ndipo ndikudziwa kuti mzere woyamba udzandivuta. Mwina mawu adzakana. Akakana, pakhale dzenje, anthu alimve, ndiye ndidzalowe pa mzere wachiwiri. Misa ikatha udzandifunse mmene zayendera, ndidzakuuza zoona.

Majuzi awiri aja ndawachotsa pachingwe, ndawapinda, ndawabwezera m'sutikesi. Usanyengedwe kuti ndiwe mwana wa ku Dedza, chisanu unachizolowera; akuti cha kumeneko ndi china. Uvale lofiiralo pokwera ndege. Mapepala ako onse ali m'kathumba ka kutsogolo, ndawawerenga kawiri. Ukafika upeze tchalitchi sabata yoyamba yomweyo, ndipo ngati kuli kwaya ukalembetse usanadziwe n'komwe kutchula mawu awo. Udzaphunzira uli m'kati.

Ukamaliza kuwerenga usabwere kudzandifunsa ngati ndikunenetsa. Ndikunenetsa. Ubwere tidye, undiuze zimene azakhali ako anena. Mawa ndikuperekeza mpaka pamsewu, ndipo umandidziwa, ndidzayamba kukuuza za maloko a sutikesi ndi za mvula, kufunafuna mawu otsanzikira amene sadzabwera bwino. Usadikire kuti ndimalize. Ukangoona minibasi ikutulukira pakhona paja, ukhale utanyamula kale chikwama.

Mulungu akutsogolere, Sesiliya. Amayi ako akanakukankha okha mpaka pakhomo pa ndege.

Ndine bambo ako,
Fabiano